Tayala likatha, woletsa akhale ndani?

Mkangano udabuka usiku wa Lamulungu lina mu Epulo 2025, m'kachipinda kena pa Dedza boma komwe timaonerako mpira ndi mipikisano ina pa SuperSport. Tidalimo anthu osapitirira khumi, ambiri anyamata a kabaza amene adali atangoweruka, aliyense atadzipinda mu jekete poti kuno dzuwa likangolowa mphepo sinyengerera munthu. Ku Qatar kunkachitika mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP. Maverick Viñales wa ku Spain, ali pa njinga ya KTM yomwe palibe ankaiwerengera, adatsogola kwa kanthawi n'kumaliza wachiwiri kumbuyo kwa Marc Márquez. Pansanja adakwera, ife tidamuombera m'manja. Tisanabalalike, wina adaona pa foni kuti amuonjezera masekondi 16 chifukwa mpweya wa m'tayala lake lakutsogolo udali wochepera pa mulingo wa lamulo. Kuchoka pa nambala 2, adakagwera pa nambala 14.

"Amubera ameneyu," adatero mnyamata wina amene amaima pa siteji ya kumsika. "Wagwa? Sadagwe. Tayala laphulika? Silidaphulike. Ndiye akumulangira chiyani? Njinga akuyendetsa ndi iye, khosi ndi lake. Anthu okhala muofesi, oti sakumva n'komwe mmene tayala likugwirira, akudziwapo chiyani?" Adatembenukira kwa ine. "Kapena inu achimwene mukuona bwanji?" Ndidamuyankha mwachidule usiku umenewo ndipo sadakhutire. Funso lake ndakhala nalo mumtima mpaka lero, chifukwa theka la zimene adanenazo ndi zoona.

Ine ndimati pa nkhani ya tayala payenera kukhala munthu woti akati "ayi" zithere pomwepo, ndipo munthu ameneyo asakhale woyendetsa njinga, asakhale timu yake, asakhalenso kampani yopanga matayala. Akhale munthu amene sapindula kanthu mpikisano ukachitika, sataya kanthu ukaimitsidwa. Koma mphamvu zakezo zikhale ndi polekezera. Ntchito yake ndi kukhoma zikhomo za m'malire, kunena kuti tayala ili lisapitirire apa. Zam'kati mwa malirewo, kaya munthu asankha tayala lofewa kapena lolimba, la mvula kapena la padzuwa, si zake. Akuluakulu a chitetezo a MotoGP akhozapo kangapo pokhoma zikhomo, koma pa kakhomedwe kake ndili nawo mawu.

Amene sadaonerepo mpikisanowu ayambe wadziwa katundu amene tayala limasenza. Njinga zimenezi zimapitirira makilomita 350 pa ola. Brad Binder wa ku South Africa adafika pa 366.1 ku Mugello, Italy, mu 2023. Pokhota, woyendetsa amaipendeketsa mpaka chigongono kukhula pansi. Zonsezi zimatsamira pa kachigawo ka rabala kosaposa chikhatho. Tayala la padzuwa ndi losalala, lilibe mzere ngakhale umodzi, ndipo limagwira phula pokhapokha litatentha. La mvula lili ndi tingalande totayira madzi, koma msewu ukauma limapsa n'kunyenyeka pakanthawi kochepa. Kuyambira 2009 onse amalandira matayala kwa kampani imodzi: Bridgestone mpaka 2015, Michelin kuyambira 2016, ndipo Pirelli idasankhidwa kuti iyambe mu 2027. Tayala likakhala ndi chilema, chilemacho ndi cha anthu oposa makumi awiri nthawi imodzi. Oyang'anira zonsezi ndi gulu lotchedwa Race Direction, lomwe kwa zaka zambiri lidatsogozedwa ndi Mike Webb wa ku New Zealand, pamodzi ndi mkulu wa chitetezo wa FIM, bungwe la mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse.

Chimene chimandikanitsa mawu akuti "khosi ndi lake" chidachitika ku Phillip Island, Australia, mu Okutobala 2013. Bwalolo lidali litangothiridwa phula latsopano logwira kwambiri, ndipo makona ake ambiri ndi okhotera kumanzere pa liwiro lalikulu, motero mbali imodzi ya tayala lakumbuyo inkapsa osapumira. Pofika Loweruka zidaonekeratu kuti matayala a Bridgestone sangapirire maulendo 27 ozungulira bwalolo. Akuluakulu adalamula kuti aliyense asinthe njinga pakati pa mpikisano. Lamulungu m'mawa, atayang'ananso matayala omwe adagwira ntchito poyeserera, adaudula mpikisanowo kufika pa maulendo 19, ndi lamulo loti pasapezeke wozungulira koposa ka 10 pa tayala limodzi.

Márquez, amene panthawiyo adali ndi zaka 20 ndipo ankatsogola ndi mapointi 43 m'chaka chake choyamba mu MotoGP, adazungulira ka 11. Timu yake ya Honda idamva lamulolo molakwika. Adamukwezera mbendera yakuda, kutanthauza kuti watuluka. Jorge Lorenzo adapambana, ndipo mpata wa mapointi udatsika kufika pa 18 kutatsala mipikisano iwiri. Ambiri adadandaula monga mmene adadandaulira mnzanga wa kumsika uja: ulendo umodzi wokha, munthu sadagwenso. Koma taganizani akadamusiya. Tsiku lina lamulo ngati limeneli likadzaperekedwa, timu iliyonse ikadaonjezerapo ulendo umodzi, yolimba mtima iwiri, ndipo womvera lamulo ndiye akadaluza. Chikhomo chimene chimazulidwa nthawi iliyonse munthu akadutsa n'kupulumuka sichisonyezanso malire alionse. Komanso khosilo si la munthu mmodzi. Tayala likaphulika pa makilomita 300 pa ola, njinga imauluka yokha, kumbuyo kukubwera anzake amene alibe mpata wokhota, ndipo m'mphepete mwa bwalo muli anthu ogwira mbendera ndi onyamula ovulala.

Sindikunena kuti oyendetsawa ndi osaganiza. Tayala amalimva m'thupi mwawo kuposa injiniya aliyense. Koma amamva kunja kwake kokha: likamaterereka, likamavina potuluka pakona. Zimene zikuchitika m'kati, pomwe rabala ikuyamba kulekana ndi ulusi chifukwa cha kutentha, sizimveka mpaka mphindi yomwe chinthucho chaphulika. Zimaoneka tayala likavulidwa n'kudulidwa. Chinanso n'chakuti munthu amene kuyambira ali mwana waphunzitsidwa kuti kachigawo ka sekondi ndiye ntchito yake, amene kontirakiti ya chaka chamawa ikudalira zotsatira za lero, sangadziletse yekha pomwe mnzake akupitiriza. Tikamuuza kuti "sankha wekha" timakhala ngati tamulemekeza, pomwe tamusiya pa malo oti yankho lake likudziwika kale.

Ena amati tingoisiyira kampani yopanga matayala, poti ndiyo mwini nzeru. Yankho lili ku Phillip Island komweko: matayala a MotoGP sadakayesedwe pa phula latsopanolo mpikisano usanafike, ndipo vuto lidadziwika anthu atafika kale ndi katundu yense. Kampani ili ndi dzina loti ilisunge, ndipo dzinalo limaikokera mbali ziwiri. Tsiku lina ingachedwe kuvomereza kuti katundu wake walephera. Tsiku lina, poopa manyazi, ingaike malire patali kwambiri mpaka kuononga mpikisano. Mu Febuluwale 2016, Michelin itangobwerera kumene, tayala lakumbuyo la Loris Baz lidaphulika ku Sepang, Malaysia, akuthamanga pafupifupi makilomita 290 pa ola. Mwamwayi adadzuka n'kuyenda yekha. Patatha miyezi iwiri, pa bwalo la Termas de Río Hondo ku Argentina, rabala yakunja ya tayala la Scott Redding idasupuka n'kumukwapula pamsana. Michelin idafuna kuchotsa mitundu yonse iwiri ya matayala akumbuyo n'kubweretsa lina lolimba, koma mvula ya Lamulungu m'mawa idalepheretsa kuliyesa. Pamenepo Race Direction ndiyo idagamula: maulendo 20 m'malo mwa 25, ndi kusintha njinga mokakamiza pakati. Umu ndi mmene ndimafunira. Kampani ibwere ndi umboni wonse, matayala odulidwa ndi manambala ake, koma pampando woweruza pakhale wina. Ngakhale kubwalo la amfumu, munthu wokhudzidwa ndi mlandu amapereka umboni, sagamula.

Nkhani imeneyi sindiiona ngati ya kutali, ndipo chifukwa chake ndi msewu wa Khwekhwelere. Chaka china mu Julayi ndinkatsikira ku Golomoti kumaliro. Ndidatsika minibasi pa Masasa n'kukwera kabaza. Amene amaudziwa msewu umenewu akudziwa mmene umapindikira potsika phiri, ndipo tsikulo kudali chiperoni, kamvula kowaza ndi chifunga choti sungaone kona yotsatira. Pakona ina njinga idavina kumbuyo, ndidamva thupi lonse kuti zii. Ndidamupempha woyendetsa kuti aime. Tayala lakumbuyo lidali losalala ngati mwala wa mumtsinje, pakati pake ulusi uli pamtunda.

"Achimwene, tayala ili mukuliona?"

"Ndikuliona, bambo. Abwana ndidawauza mwezi watha. Akuti lidakalipo, ndiyambe ndakwanitsa ndalama za sabata ino."

"Nanga mutangoiimika njingayi?"

"Mawa aipereka kwa wina. Ana adya chiyani?"

Tidatsika pang'onopang'ono, malo ena ine ndikuyenda pansi. Mnyamata ameneyu ankalidziwa tayala lake kuposa ine, ndipo ankaliopa. Nzeru zidalipo, chimene adalibe ndi mpata wokana. Mwini njinga naye adali ndi chifukwa chake chonenera kuti lidakalipo. Ine wokwera ndidakhalapo osayang'ana n'komwe. Pakati pa atatufe padasoweka munthu wachinayi woti akadanena m'mawa pa siteji kuti njinga iyi sinyamuka, n'kumveka kwa onse. Malipiro a Márquez ndi a mnyamata wa pa Masasa ndi otalikirana ngati kumwamba ndi pansi, koma pa nkhani ya tayala onse ali pampando umodzi: amene waima yekha, ntchito yamuthera.

Tsono tibwere pamene mnzanga wa kumsika akunena zoona. Kuyambira 2005, mvula ikayamba mpikisano uli m'kati, akuluakulu nthawi zambiri sauimitsa. Amangokweza mbendera yoyera, kutanthauza kuti amene akufuna angathe kulowa kukatenga njinga yachiwiri yokhala ndi matayala ena. Kulowa kapena kusalowa n'kwa woyendetsa. Ku Red Bull Ring, Austria, mu Ogasiti 2021, mvula idatsika kutatsala maulendo ochepa. Otsogola, Márquez, Francesco Bagnaia, Jorge Martín, Fabio Quartararo ndi Joan Mir, adalowa kukasintha. Binder adapitiriza pa matayala osalala. Matayala adazizira, mabuleki ake a kaboni nawo adazizira mpaka kusiya kugwira bwino, njinga ikungotsetsereka ngati ili pa sopo, koma adafika woyamba. Tsiku limenelo tonse a kumwera kuno kwa Africa tidaimirira.

Kodi sizidali zoopsa? Zidali zoopsa ndithu. Koma pali kusiyana kumene ndikufuna owerenga akugwire, chifukwa maganizo anga onse atsamira pamenepa. Ngozi ya Binder inkaoneka ndi maso ake, ndipo mankhwala ake adali m'dzanja lake lamanja: kubweza moto. Tayala lidali lamoyo, linkangomuuza pakona iliyonse kuti malire afika. Ngozi ya ku Phillip Island idali yobisika m'kati mwa rabala, yosachenjeza, yoti luso la munthu silingaichepetse. Yoyambayo ndi ya woyendetsa. Yachiwiriyo ndi ya mkulu wa chitetezo. Akalowerera pa yoyambayo, waba luso lomwe timaonerera mpikisano. Akazengereza pa yachiwiriyo, wasiya ntchito yake.

Ufulu wosankhawu uli ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuti ukhale nawo. Martín adasankha tayala lofewa ku Phillip Island mu 2023, adatsogola pafupifupi mpikisano wonse, pa ulendo womaliza tayala lidatha n'kumaliza wachisanu. Ku Misano, Italy, mu 2024 adaona timadontho n'kuthamangira kukatenga njinga ya mvula; mvulayo idaleka, adamaliza pa nambala 15. Walira mvula walira matope. Palibe wa chitetezo amene adayenera kumugwira dzanja, ndipo palibe adamugwira.

Pomwe akuluakuluwa adandikhumudwitsa ndi ku Austin, America, mu Malichi 2025. Kudagwa mvula, msewu n'kuyamba kuuma anthu ali kale pamzere woyambira. Ambiri adali pa matayala a mvula. Atatu okha, Binder, Enea Bastianini ndi Ai Ogura, adali atalimba mtima n'kuika osalala. Kutatsala mphindi zochepa, Márquez adasiya njinga yake n'kuthamangira kukatenga ina, ndipo ena ambiri adamutsatira. Padali chipwirikiti, anthu akuthamanga pakati pa njinga ndi zipangizo. Race Direction idakweza mbendera yofiira, ndipo pa chimenecho sindiwatsutsa, chifukwa munthu akadagundidwa. Koma poyambiranso aliyense adabwerera pamalo pake ndi matayala atsopano, popanda chilango. Atatu amene adawerenga thambo molondola adalandidwa phindu la nzeru zawo, ndipo zidachitika m'dzina la chitetezo. Lamulo lidakonzedwa patatha masabata ochepa, koma kwa atatuwo madzi adali atatayika kale. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mkulu wa chitetezo ayenera kuganiziratu za tsiku la chipwirikiti kudakali bata, kuti akamaimitsa mpikisano asakhalenso akugawa mphatso kwa amene abweretsa chipwirikiticho.

Nanga za Viñales? Apa mpofunika kufotokoza pang'ono. Njinga ikamatsatira inzake pafupi, tayala lake lakutsogolo limawombedwa ndi mpweya wotentha wochokera kwa yakutsogoloyo. Likatentha, mpweya wam'kati umakwera, tayala limauma gwa, kachigawo kogunda pansi kaja kamachepa, ndipo munthu akagwira buleki limangoterereka. Pofuna kupewa zimenezi matimu amayamba ndi mpweya wochepa, kuti ukakwera ukafike poyenera. Koma woyendetsayo akapezeka ali yekha kutsogolo, mumphepo yozizira, mpweyawo sukwera. Michelin imati tayala lopanda mpweya wokwanira limapindika mopitirira, ndipo ulusi wam'kati ungathe kuonongeka. Zilango zidayamba ku Silverstone, England, mu Ogasiti 2023, mulingo wakutsogolo uli 1.88 bar (bar ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala). Mu 2024 adautsitsa kufika pa 1.80 bar, n'kunena kuti tayala likhale pamwamba pa mulingowo pa maulendo 6 mwa 10 alionse, apo ayi masekondi 16. Timu ya Viñales idakonzekera kuti munthu wawo akhala m'chigulu. Iye adathamanga kuposa mmene ankayembekezera, n'kupezeka kutsogolo.

Mulingo wotsikitsitsa ndimaufuna, ndipo sindisintha pamenepo. Popanda iwo matimu angamatsitse mpweya pang'onopang'ono, aliyense poopa mnzake, mpaka tsiku lomwe wina sadzadzuka ngati mmene adadzukira Baz. Koma kaperekedwe ka chilangochi kali ndi bowo lalikulu. Ngati mpweya wa Viñales udali woopsa, n'chifukwa chiyani adamusiya kumaliza mpikisano wonse pa liwiro limenelo, pakati pa anzake, n'kudzamulanga papepala atavula kale chipewa? Ku Phillip Island Márquez adatulutsidwa mpikisano udakali m'kati. Ngati mpweya wa Viñales sudali woopsa mokwanira kumuimitsa, masekondi 16 akuchokera kuti? Chilango chobwera mpikisano utatha sichiteteza aliyense tsiku limenelo. Ndipo taonani chimene chimabala: ku Thailand mu Malichi 2025 Márquez, ali kutsogolo yekha, adabweza moto dala kuti mng'ono wake Álex amudutse, akhale kumbuyo kwake mpaka mpweya ukwere, kenako n'kumudutsanso chakumapeto. Munthu wothamanga pa liwiro limenelo maso ali pa nambala ya mpweya, akubwerera m'mbuyo mwadala, sindingati lamulo lamuteteza.

Tayala lililonse lili ndi kachipangizo koyeza mpweya. Ngati choncho, aweruze zinthu zikuchitika: wotsika pa mulingo alangidwe mpikisano uli m'kati, anthu onse akuona, kapena ayeze pamzere woyambira monga amachitira m'mipikisano ina ya magalimoto, woyamba molondola asadzavutitsidwenso. Nambala yeniyeniyo isamachokerenso pakamwa pa kampani yokha. Oyendetsa akhala akunena kuti mpweya wochuluka nawo umagwetsa anthu, ndipo kutsitsidwa kwa mulingo kuchoka pa 1.88 kufika pa 1.80 kukusonyeza kuti nambala yoyambayo sidali yosakhudzika. Wa chitetezo weniweni amamvera mbali zonse ziwiri n'kuyankha ndi dzina lake pa nambala imene wasankha.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa manambala. Mu Race Direction mumakhalanso woimira kampani yomwe imagulitsa mpikisanowu ku mawayilesi a kanema, yomwe mu 2025, ikudziwika ndi dzina la Dorna, idagulidwa ndi kampani ya Liberty Media. Kwa zaka zambiri mpando umenewu wakhala wa Loris Capirossi, katswiri amene adatenga ukatswiri wa dziko lonse katatu ndipo amadziwa kuwawa kwa kugwa. Iyeyo sindimukayikira. Ndikukayikira kakonzedwe koti mwini malonda akhale ndi liwu pa funso loti malondawo aime kapena ayi. Ku Silverstone mu Ogasiti 2018 zidayenda bwino: phula latsopano linkasunga madzi oti ngakhale matayala a mvula sakadatha kuwataya, Tito Rabat adathyoka mwendo Loweruka, ndipo Lamulungu, anthu atadikira tsiku lonse pamvula, mpikisano udalephereka. Ndalama zambiri zidatayika, oyendetsa onse adabwerera kwawo. Koma tisaiwale kuti komiti ya chitetezo, momwe oyendetsa amakumana ndi akuluakulu Lachisanu lililonse la mpikisano, idabadwa mu 2003 Daijiro Kato atamwalira kutsatira ngozi ya ku Suzuka, Japan, pa tsiku lomwe mpikisano udapitirira iye akunyamulidwa. Mphamvu zoletsa zimene tikuzionazi zidagulidwa ndi maliro, ndipo ziyenera kukhala m'manja mwa anthu amene sawerengera nawo ndalama za pakhomo.

Kuno kwathu sitisowa anthu oti angagwire ntchito imeneyi. Siteji iliyonse ya kabaza, kaya pa Dedza boma, pa Bembeke, pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano, ili ndi atsogoleri ake amene amasunga mzere, kutolera zopereka ndi kuweruza mikangano ya makasitomala. Akabaza amadziwa kuphwetsako tayala pang'ono m'matope a dzinja kuti ligwire, amadziwa kupopa kwambiri akamasenza matumba a mbatata ya kachewere. Zimenezo n'zawo, asawalowerere munthu, monga mmene sadamulowerere Binder. Koma tayala loonekera ulusi, long'ambika m'mbali, kapena lomwe chubu chake chamatidwa mpaka kusowa pomata, lisanyamule munthu. Apolisi apamsewu ali pa M1, pomwe maulendo ambiri a kabaza amalowera m'misewu ya fumbi ya kumidzi. Oona njinga iliyonse m'mawa uliwonse ndi a pa siteji.

Kuti zitheke, zinthu ziwiri n'zofunika, ndipo zonse ndaziphunzira m'nkhani zili pamwambazi. Woyang'ana matayala asakhale wogulitsa matayala, asakhalenso mwini njinga pa siteji yomweyo. Masiteji awiri oyandikana angathe kusinthana anthu. Ndipo choletsedwa chikhale njinga, osati munthu. Nambala ya njinga ikalembedwa kuti siyenda mpaka tayala lisinthidwe, abwana aja sangaipereke kwa wina mawa, chifukwa winayonso aimitsidwa pa siteji pomwepo. Mnyamata wa pa Masasa akadabwerera kwa abwana ake ndi mawu oti "andiletsa", omwe ndi opepuka kuwanena kusiyana ndi "ndakana".

Ndidakumana naye mnzanga wa kumsika uja masiku apitawa, akupopa tayala lakutsogolo n'kumalisinikiza ndi chala chachikulu kuti amve ngati lakwana. Ndidamufotokozera zonsezi. Pa za Viñales sadasunthe, akuti adamubera basi, ndipo ndidamuuza kuti pa kaperekedwe ka chilangocho tili limodzi. Pa za siteji adakhala chete kanthawi, kenako adati azikanena pa msonkhano wawo wa mwezi uno, koma adandifunsa kuti, "Nanga geji yoyezera mpweya agula ndani, achimwene?" Ndidamuuza kuti yoyambayo ndigula ine, ndipo ndidzaipereka kwa apampando awo iye ali pomwepo.